Mawu atatu a Andrew Harrison: adatukwana kapena adatonza?

Usiku wa Loweruka pa 4 Epulo 2015, m'bwalo la Lucas Oil mumzinda wa Indianapolis ku America, timu ya basketball ya Yunivesite ya Kentucky idagonja kwa anzawo a Wisconsin ndi mapointi 71 kwa 64. Kugonjaku kudali kowawa. Kentucky idafika m'ndime ya matimu anayi ya mpikisano wa NCAA, womwe ndi chikho cha makoleji a dziko lonselo, itapambana masewero 38 osagwako ngakhale kamodzi. Kudangotsala masewero awiri kuti ichite zomwe timu ya Indiana idachita komaliza mu 1976, kutenga chikho chaka chonse osagonja. Masewero atatha, osewera adawakhazika pamaso pa atolankhani monga mwa dongosolo la mpikisanowo. Mtolankhani wina adafunsa Karl-Anthony Towns za Frank Kaminsky, chimphona cha Wisconsin chomwe chidawasowetsa mtendere usikuwo ndi mapointi 20. Funso lili mkati, Andrew Harrison, yemwe adakhala pa tebulo lomwelo, adaphimba pakamwa ndi dzanja n'kung'ung'udza mawu atatu. Maikolofoni idali yoyatsa.

Mawuwo sindiwalemba onse pano, koma mutha kuwazindikira. Loyamba ndi liwu lotukwana la Chingerezi loyamba ndi lembo la f. Lachiwiri ndi "that". Lachitatu ndi liwu lija loyamba ndi n, lomwe azungu a ku America akhala akunyozera nalo anthu akuda kuyambira nthawi ya ukapolo, lomwenso anthu akuda ambiri amaitanirana okhaokha. Harrison ndi wakuda. Kaminsky ndi mzungu, ndipo tsikulo n'kuti akukwanitsa zaka 22.

Kusanache Harrison adapepesa pa Twitter, n'kumuimbiranso foni mwini wakeyo. Kaminsky adauza atolankhani kuti akambirana ndipo kwa iye nkhaniyo yatha. Kwa ena sidathe. Mitu ya nkhani yambiri idati wosewera wa Kentucky wagwiritsa ntchito "racial slur", kutanthauza liwu lonyoza mtundu wa munthu, ndipo funso lomwe lidamveka paliponse lidali ili: nanga akadakhala Kaminsky ndiye wanena liwu lomwelo za Harrison, zikadatha ndi foni imodzi? Sakadamuchotsa sukulu? Bwanji dziko likuyezera anthu awiri pa sikelo ziwiri?

Funsoli limamveka lanzeru, ndipo limabwerera chaka ndi chaka, mayina okha ndiwo amasintha. Ine ndikuliona kuti lidamangidwa pa maganizo olakwika a mmene chiyankhulo chimagwirira ntchito. Sindikumuyeretsa Harrison, adalakwa ndithu, koma mlandu womwe adamuzenga si womwe adapalamula.

Chichewa chili ndi zida zomwe atolankhani aja adazisowa. Taonani mmene timagawira ntchito yopweteka munthu ndi pakamwa. Kutukwana ndi kutchula zobisika za thupi, kapena za mayi ake a munthu, kuti amve kuwawa. Kulalata ndi kumukwezera mawu pagulu. Kunyoza ndi kumutsitsa, kumuonetsa kuti ndi wachabe. Kutonza ndi kumubaya pa chinthu chomwe sangachisinthe, kaya ndi ulumali, umphawi wa kwawo, kusabereka kapena mtundu wake. Kusereula ndi kumuseka mwachibale, iye n'kusekanso. Kujeda ndi kumunena iye palibe. Ndiye pali kung'ung'udza, kuyankhula chapansipansi mtima ukuwira. Onsewa ndi aneni. Mwana akathamangira kwa amayi ake kuti "wanditukwana", amayiwo amafunsa kuti ndani, wati chiyani, mumatani. Mlandu umayamba ndi wochita, wochitidwa ndi malo. M'mitu ya nkhani ija, "slur" lidali dzina. Limaloza liwu lenilenilo, ngati kuti ululu umakhala m'malembo, kotero aliyense wolitulutsa wachita chinthu chimodzimodzi. Mukafunsa funso la Chichewa, loti mnyamatayu adachita chiyani kwa Kaminsky, yankho limabwera msanga: adamutukwana, mong'ung'udza, iye palibe. Funso lotsala ndi loti kodi adamutonzanso.

Kuti tiyankhe tiyenera kuliona liwu lachitatulo bwinobwino. Tsinde lake ndi liwu la Chilatini lotanthauza chinthu chakuda, lomwe lidalowa m'Chingerezi kudzera m'ziyankhulo za ogulitsa akapolo monga Chisipanishi ndi Chipwitikizi. Pofika 1837, mbusa wina wakuda, Hosea Easton, adali atalemba kale kuti azungu amaligwiritsa ntchito pofuna kuonetsa kuti anthu akuda ndi mtundu wotsika, ndipo amaliphunzitsa ana awo akadali aang'ono. Lidali liwu la pamsika wa akapolo, la chikoti, ndipo kenako la magulu omwe ankapachika anthu akuda m'mitengo kummwera kwa dzikolo. Mbiri imeneyi palibe amaitsutsa.

Koma liwuli lili ndi mbiri yachiwiri, ya m'kamwa mwa eni ake onyozedwawo. Ambiri mudamvapo kuti pali mawu awiri, lothera ndi -er lomwe ndi lachipongwe ndi lothera ndi -a lomwe ndi lachibale. Kusiyanitsaku kuli ndi choonadi chake, koma tisakukhulupirire kwambiri. Chingerezi cha anthu akuda a ku America nthawi zambiri sichitchula r wa kumapeto kwa liwu, choncho -a poyamba adali katchulidwe chabe. Azungu ambiri a kummwera, kuphatikizapo eni akapolo, nawonso sankamutchula r ameneyu. Khutu lokha silingakuuzeni kuti apa ndi chipongwe, apa ndi chibale. Chomwe chidasiyana kwenikweni ndi ntchito ya liwulo m'chiganizo.

Akatswiri a ziyankhulo akhala akulemba za ntchito imeneyi kwa zaka zambiri. Geneva Smitherman, mu mtanthauziramawu wake wa mawu a anthu akuda wotchedwa Black Talk wa 1994, adaonetsa kuti liwuli lili ndi matanthauzo angapo, ena achikondi, ena onyoza, ena ongoloza munthu basi. Arthur Spears, m'nkhani yake ya 1998 yokamba za mawu omwe anthu amawati ndi olaula, adafotokoza kuti pakati pa oyankhula ambiri liwuli lidasiya kuloza khungu, moti limatha kunenedwa ngakhale za mzungu. Mu 2019 Taylor Jones ndi Christopher Hall adapita patsogolo m'magazini ya American Speech: adati m'ziganizo zina liwuli likugwira ntchito ngati mlowam'malo, mpaka munthu kumadzitchula nalo yekha pomwe ife tikadati "ine". Izi tingazitche kusuluka kwa tanthauzo, monga chitenje chimasulukira chikachapidwa kawirikawiri. Si zachilendo kwa ife. "Mfana" adabwera kuchokera ku Joni akutanthauza kamnyamata, koma lero mumamva "mfana uja" akunena bambo wandevu zake wa ana anayi. "Zoopsa" pakamwa pa achinyamata ndi chiyamikiro.

Tsono tiyeni tichiyese chiganizo cha Harrison mmene timayesera ziganizo m'kalasi, pochotsa liwu limodzilimodzi. Chotsani lachitatu muikepo "guy" kapena "dude". Chipongwe chatsala chonse, sichidachepe ngakhale pang'ono. Bwezeretsani lachitatulo, muchotse loyamba lija la f, muyerekeze kuti Harrison akuuza mnzake kuti munthu uja amatha mpira. M'chiyankhulo chake chiganizocho chasanduka chiyamikiro. Ululu wonse uli m'mneni woyambayo. Liwu la n langokhala pamtherankhani, ntchito yake ndi kuloza yemwe akutukwanidwa, ngati kunena kuti "ameneyo".

Palinso china. Kutonza kumafuna chilonda choti kubayepo. Simungamutonze munthu wolemera za umphawi, angokusekani. Makolo a Kaminsky adachokera ku Ulaya, palibe adagulitsidwapo pansi pa dzina limenelo, palibe adaletsedwapo kulowa sukulu kapena kuvota atatchedwa choncho. Liwulo pa iye lilibe pogwira. N'chifukwa chake mwini wakeyo sadavutike nazo, ndipo omwe adakwiya m'malo mwake adakwiyira lamulo, osati bala.

Nanga funso losinthanitsa lija? Kusinthanitsa kumagwira bwino m'masamu, momwe 2 kuphatikiza 3 ndi chimodzimodzi 3 kuphatikiza 2. M'chiyankhulo woyankhula ndi mbali ya tanthauzo, ndipo ife sitifunika kuuzidwa zimenezi ndi buku. Agogo akakuitanani kuti "iwe", ndi chikondi. Inu kayeseni kuwabwezera "iwe" yemweyo. Msuweni wanu atha kukunenani kuti ndinu kapolo wake, mphuno ngati chikho, anthu n'kuseka pamaliro penipeni. Mlendo akabwereza mawu omwewo nkhani ikathera kwa amfumu. A. R. Radcliffe-Brown adalemba za ubale wa nthabwala woterewu mu 1940, ndipo ku Zambia chimbuya cha Angoni ndi Abemba chikadali chamoyo mpaka lero. Palibe amadandaula kuti chisuweni ndi kukondera.

Chitsanzo chomwe chimandigwira mtima kwambiri ndi cha "achimwene". Kuno ndi liwu laulemu, loitanira mbale kapena mwamuna aliyense yemwe simukufuna kumutchula dzina. Ku Zimbabwe, komwe agogo athu ambiri adapita kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu, liwu lomweli m'kamwa mwa ena lidasanduka dzina lotchulira Amalawi monyodola, pamodzi ndi "mabhurandaya", lochokera ku Blantyre, ndi "manyasarandi". Wolemba mbiri Anusa Daimon adatcha kafukufuku wake wa Amalawi a ku Zimbabwe ndi dzina lomwelo la Mabhurandaya. Amalawi awiri akakumana ku Mbare n'kupatsana moni wa "achimwene", ndi chibale. Wina akafuula liwu lomwelo ali tsidya lina la msewu, akutsanzira katchulidwe kathu, ndi kutonza. Malembo ndi omwewo asanu ndi anayi. Kodi tinene kuti pali sikelo ziwiri? Zilipodi, ndipo ziyenera kukhalapo, chifukwa zinthu zomwe zikuyezedwazo ndi ziwiri.

Mukamuika Kaminsky pa mpando wa Harrison simwasintha nkhope yokha. Mwalowetsa m'chipindamo gulu lonse la omwe adalinenapo liwulo ali ndi khungu ngati lake. Ndipo gululo silili kutali ndi basketball, makamaka ya Kentucky. Mu 1966 timu yomweyi, pansi pa mphunzitsi Adolph Rupp, idalowa m'ndime yotsiriza ya chikho chomwechi ili ya azungu okhaokha, n'kugonja 72 kwa 65 kwa Texas Western, yomwe idayamba masewero ndi osewera asanu akuda, chinthu chomwe chidali chisadachitikepo m'ndime imeneyo. Wosewera wakuda woyamba wa Rupp, Tom Payne, adalowa m'bwalo mu 1970. Ngati izi zikuoneka zakale, ganizirani kuti mu Malichi 2015, mwezi umodzi wokha Harrison asadang'ung'udze, kudatuluka kanema wa ophunzira achizungu a kalabu ya Sigma Alpha Epsilon pa Yunivesite ya Oklahoma ali m'basi, akuimba mokondwa kuti munthu wa dzina lija sadzalowa m'kalabu mwawo, bola kumupachika mumtengo. Awiri adachotsedwa sukulu, kalabuyo n'kutsekedwa. Ena adayerekeza nkhani ziwirizi ngati zofanana, ati awa achotsedwa, uyu wasiyidwa. Aaa, inu! Kuimba za kupachika anthu ndi kung'ung'udza za mnzako wakuposa mpira tiziike m'dengu limodzi chifukwa muli liwu lofanana?

Choncho inde, Kaminsky akadalangidwa koposa, chifukwa akadachita chinthu china. Koma zoti mzungu wotero moyo wake ukadathera pomwepo ndi zokayikitsa tikaona zomwe zidachitikadi. Mu 2013 Riley Cooper, wosewera wachizungu wa mpira wa Chimereka ku Philadelphia Eagles, adajambulidwa pa konsati akufuula liwuli mwaukali atakangana ndi mlonda wakuda. Timu idamulipiritsa chindapusa, adapepesa, adasewera chaka chonsecho, ndipo mu 2014 adasaina kontirakiti yatsopano ya zaka zisanu. Don Imus, muwulutsi wachizungu yemwe mu Epulo 2007 adanyoza atsikana a timu ya basketball ya Rutgers ndi mawu okhudza tsitsi lawo komanso owatcha mahule, adachotsedwa ntchito, koma chaka chisadathe adali atabwerera pa wailesi ina. Podziteteza Imus adatinso oimba akuda amanena mawu omwewo. Nyimbo yake ndi yomweyi.

Odandaula aja ali ndi mfundo ziwiri zomwe sindingazikankhire kumbali. Yoyamba ndi yoti anthu akuda eni ake sagwirizana. Mu Julayi 2007 bungwe la NAACP, lomwe lakhala likumenyera ufulu wa anthu akuda kuyambira 1909, lidachita mwambo wa maliro a liwuli mumzinda wa Detroit, bokosi ndi manda zonse zilipo. Kwa munthu yemwe adalimva likufuulidwa apolisi akumukhwirizira agalu m'zaka za m'ma 1960, nkhani ya kusuluka kwa tanthauzo ndi ya m'mabuku. Chitenjecho kwa iye sichidasuluke. Harrison poyankhula pa maikolofoni adawakhumudwitsa anthu oterewa kuposa mmene adamukhumudwitsira Kaminsky, ndipo n'zodabwitsa kuti m'phokoso lonse lija ndi ochepa adafunsa za iwo.

Yachiwiri ndi yoti woyimbira masewero kapena komiti ya chilango sangakhale pansi kumasanthula galamala ya chiganizo chilichonse. Lamulo loletsa liwu ndi losavuta kulitsata kuposa lamulo loletsa cholinga. Otsatira mpira wa ku England mukukumbukira za Edinson Cavani. Mu Novembala 2020, atagoletsa zigoli ziwiri pomwe Manchester United idagonjetsa Southampton 3 kwa 2, adathokoza mnzake pa Instagram ndi liwu la Chisipanishi loti "negrito", lomwe kwawo ku Uruguay ndi lachikondi. Bungwe la FA lidavomera kuti sadafune kunyoza aliyense, komabe lidamuimitsa masewero atatu ndi kumulipiritsa mapaundi 100,000, mpaka bungwe loona za chiyankhulo ku Uruguay, Academia Nacional de Letras, lidadandaula poyera. Ndimamvetsa chifukwa chake mabungwe amatero. Koma tizilitchula dzina lake: ndi lamulo lofewetsa ntchito ya ofesi. Silikutiuza kuti Cavani kapena Harrison ndi watsankho, ndipo mtolankhani sayenera kubwereka sikelo ya komiti polemba mutu wa nkhani.

Kupepesa kwa Harrison nakonso kuli ndi vuto lake. Adati chidali "poor choice of words", kusankha mawu molakwika, ndipo adawanena "in jest", mwanthabwala, za wosewera yemwe amamudziwa ndi kumulemekeza. Mbali yoyambayo ikuvomera mlandu wa atolankhani uja, woti vuto ndi liwu, ngati kuti akadasankha lina zonse zikadakhala bwino. Yachiwiriyo sindiikhulupirira. Kusereula kumafuna kuti wosereulidwayo akhalepo, amve, abweze. Chisuweni sichichitika mwini wake ali chipinda china, iwe utaphimba pakamwa. Nkhope ya mnyamatayo pa kanema si ya munthu woseka. Chilungamo chake chikadakhala chachifupi: ndidapsa mtima, ndidamutukwana, pepani. Koma "nthabwala" ndi khomo lomwe aliyense wogwidwa ndi maikolofoni amathawirako, andale ndi abusa omwe, moti liwulo nalo layamba kusuluka.

Erving Goffman, m'buku lake la 1981 la Forms of Talk, amathandiza apa. Iye adasiyanitsa anthu omwe woyankhula akuwalankhula, omwe ali pomwepo movomerezeka, ndi omwe angomva nawo mwangozi. Adalembanso za timawu tomwe munthu amatulutsa yekha akapunthwa kapena akapsa ndi mphika, tomwe sitilunjika kwa munthu koma timamveka kwa oyandikira. Mawu a Harrison ndi amtundu umenewu. Adali a iye mwini, mwina ndi a anzake a pa tebulo, m'chiyankhulo cha m'chipinda chovalira. Dzanja la pakamwa lija likuonetsa kuti adadziwa kuti si apagulu. Maikolofoni idatenga ongomva nawo n'kuwachulukitsa kukhala mamiliyoni, ambiri mwa iwo osadziwa galamala ya chiyankhulo chomwe adamvacho. Akuluakulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata, ndipo n'kuti kulibe Twitter.

Tisaiwalenso yemwe adamuika pa tebulopo. Adali mnyamata wa zaka 20, yemwe chaka chapitacho adaona mapasa mnzake Aaron akuchotsa Wisconsin yomweyi 74 kwa 73 ndi mpira wa m'masekondi otsiriza, tsopano zamutembenukira. Kutatsala mphindi zochepa oyimbira adavomera basiketi ya Nigel Hayes yomwe kanema adaonetsa kuti idaponyedwa nthawi itatha, ndipo ndi yomwe idafananitsa mapointi 60 kwa 60. Patangopita kanthawi kochepa akumukhazika pansi pa magetsi kuti amve mdani wake akutamandidwa. Nthawi imeneyo osewera a m'makoleji sankalandira malipiro, ngakhale kutsatsa malonda ndi dzina lawo sankaloledwa mpaka 2021, chonsecho NCAA idali itagulitsa ufulu woonetsa mpikisanowu kwa CBS ndi Turner pa mtengo wa madola 10.8 biliyoni kwa zaka 14. Izi sizikufafaniza kutukwana, koma zikutiuza kuti maikolofoni ija idali ya ndani.

Pa khalidwe la pabwalo ndiye Harrison alibe pothawira. Azungu ali ndi liwu limodzi, "sportsmanship", lomwe ife timalimasulira ndi chiganizo chathunthu: kuvomera kugonja, kulemekeza wakuposa, kusadzitama ukapambana. Usiku womwewo osewera ena a Kentucky adatuluka m'bwalo osagwirana chanza ndi a Wisconsin. Kwa ine ichi n'chachikulu kuposa mawu atatu aja, chifukwa chanza chimaperekedwa pamaso pa munthu, ndipo kuchikana kumalunjika kwa iye. Ndi chiganizo chopanda mawu, ndipo tanthauzo lake silifuna katswiri.

Koma ndi pa khalidwe pomwepa pomwe pali sikelo ziwiri zenizeni, ndipo zimapendekera mbali ina, osati yomwe odandaula aja ankaloza. Patapita masiku awiri Wisconsin idagonja kwa Duke 68 kwa 63. Mphunzitsi wake, Bo Ryan, bambo wachizungu wa zaka 67, adadandaula za oyimbira pa wailesi yakanema, kenako n'kunena kuti iwo sachita za "rent-a-player", kubwereka osewera, mawu omwe ambiri adawamva ngati mwala woponyera matimu monga Duke ndi Kentucky omwe nyenyezi zawo zimaphunzira chaka chimodzi n'kupita ku NBA. Adadzudzulidwa, inde, koma ngati Bo Ryan, munthu mmodzi wosapirira kugonja. Mnyamata wakuda akalakwa, mawu omwe amatuluka ndi ena: "thug", chigawenga, kapena "classless", wopanda mwambo, wosaleredwa. Richard Sherman, wosewera mpira wa Chimereka yemwe adaphunzira ku Stanford, atatchedwa "thug" dziko lonse mu Januwale 2014 chifukwa chodzitama mokuwa pa kanema masewero atangotha, adayankha kuti liwulo laoneka ngati njira yovomerezeka yonenera liwu la n masiku ano. Apa ndiye pali phunziro la chiyankhulo lomwe mitu ya nkhani siiligwira. Liwu la Harrison lidali ndi malembo atsankho koma osaloza mtundu. "Thug" alibe lembo loletsedwa ngakhale limodzi, palibe komiti ingakulipiritseni, koma nthawi zambiri amadziwa khungu lomwe akupita.

Umboni woonekeratu udabwera pa 2 Epulo 2023 ku Dallas, m'ndime yotsiriza ya chikho cha atsikana, pomwe LSU idagonjetsa Iowa 102 kwa 85. Masewero akutha, Angel Reese wa LSU, wakuda, adagwedeza dzanja patsogolo pa nkhope yake moyang'ana Caitlin Clark wa Iowa, mzungu, chizindikiro chomwe adatchukitsa womenya mjintchi John Cena chotanthauza kuti simungandione, kenako n'kuloza chala chomwe adzavalepo mphete ya akatswiri. Sabata imodzi m'mbuyomo Clark adachita chizindikiro chomwecho posewera ndi Louisville, ndipo anthu adachikonda, ati ndi moto wa katswiri. Kwa Reese liwu lomwe lidadzaza Twitter lidali "classless". Ena amati Reese adanyanya chifukwa adamutsatira mnzakeyo kwa masekondi angapo masewero atatha kale kugamulika, ndipo kusiyana kumeneko kulipodi. Koma kusiyana kwa masekondi sikungafotokoze mtunda wa pakati pa "katswiri" ndi "wosaleredwa". Clark mwini wake adanena pa ESPN kuti Reese sayenera kudzudzulidwa m'pang'ono pomwe. Apa kuyesa kosinthanitsa kuja kukugwira ntchito, chifukwa chizindikiro cha John Cena chilibe mbiri ya ukapolo yomwe ingasinthe tanthauzo lake malinga ndi dzanja lochichita. Chinthu chimodzi, mayina awiri.

Kwatsala funso lomwe likutikhudza ife mwachindunji, poti liwu la n lidafika kale kuno kudzera m'nyimbo za hip hop, ndipo mumalimva ku Ndirande, ku Kawale, ku Matero. M'Chichewa pafupifupi phatikizo lililonse limathera ndi lembo la liwu, ndipo Chingerezi chathu, monga cha ku Britain, sichitchula r wakumapeto. N'chifukwa chake timati shuga, ticha, kompyuta. Ndiye kuti ngakhale kusiyana kochepa kuja kwa -er ndi -a m'kamwa mwathu kulibe: onse amathera ku -ga. Mnyamata wa ku Lilongwe akamalinena amatanthauza "aise" kapena "amwene", adalilandira litasuluka kale, chilonda chake sadachione. Akakwera ndege kukafika ku South Bend, m'chigawo chomwecho cha Indiana komwe kuli Amalawi ambiri, apeza kuti khungu lokha silimupatsa chilolezo kwa aliyense, chifukwa ena mwa eni liwulo amaona kuti ndi cholowa cha zidzukulu za akapolo, ndipo katchulidwe kake kachilendo katha kumveka ngati kaja koipa.

Womasulira nkhani ya Harrison pa wailesi ya Chichewa akadakumana ndi msampha womwewu. Akati "adamutchula kuti kapolo" wanama, chifukwa wawonjezera kutonza komwe kudalibe. Akati "adamutchula kuti wakuda" omvera asokonezeka, poti Kaminsky ndi mzungu. Akangobwereza mutu wa Chingerezi n'kunena kuti adalankhula mawu atsankho, wagamula mlandu asadaumve. Ine ndikadati Harrison wamutukwana Kaminsky chapansipansi osadziwa kuti maikolofoni ndi yoyatsa, ndipo wagwiritsa ntchito liwu lomwe anthu akuda a kumeneko amaitanirana koma ndi lachipongwe chachikulu likatuluka m'kamwa mwa mzungu. Mkonzi akadaumirira kuti akufuna chiganizo chenichenicho, chapafupi chomwe ndingapereke ndi "akagwere uko mfana ameneyo", ngakhale kuti "akagwere" ndi wofatsa kwambiri poyerekeza ndi liwu la f lija, ndipo lomwe lingafanane nalo mphamvu sangalilole pa wailesi.